A Mphuno ndi Chibaba Chosanunkha

Kuseri kwa chipatala chachikulu, kupitirira pochapira zovala za odwala, kuli kanyumba ka zipinda zitatu komwe kale kanali kosungiramo matiresi. M'menemo ndi momwe a Mphuno anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Chikwangwani cha pakhomo chinkati ndi malo othandizira achinyamata ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, koma aliyense, ngakhale madokotala, ankangoti "kwa a Mphuno."

Dzinalo anawapatsa ndi anyamata obwera kudzalandira uphungu. Munthu ankatha kutsuka m'kamwa kawiri, kutafuna chingamu, kudzithira pefyumu wa mlongo wake, koma akangoponda pakhomo a Mphuno ankadzutsa mutu n'kunena kuti, "Dzulo madzulo, ndudu ziwiri za chamba, n'kutsirira ka botolo. Khala pansi ticheze." Sankakalipa. Ankangomupatsa kakapu ka pulasitiki n'kumulozera kuchimbudzi, ndipo kapepala koyezera mkodzo kankangodzachitira umboni zimene mphuno yanena kale.

Luso limeneli sanalitenge kusukulu. Ali mnyamata ankayendetsa galimoto yogawa buledi m'magolosale, ndipo ankamwa ngati wamva kuti mawa mowa auletsa. Anayamba ndi Loweruka lokha, kenako Lowerukalo linayamba kumafika Lachitatu. Tsiku lina m'mawa, matsire ali m'mutu, analowetsa galimotoyo mumpanda wa sukulu ya mkaka. Mwayi wake ana anali asanafike. Buledi anamwazika msewu wonse, ntchito inathera pomwepo, ndipo akazi awo ananyamula ana awiri n'kupita kwawo osacheuka. Amene anawatola ndi mlongo wawo, telala wa madiresi, yemwe ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi kamwana kake kakakazi ka zaka zinayi. A Mphuno ankagona pabalaza, mutu uli pafupi ndi chopondera cha makina osokera.

Kamwanako kanali kolongolola. Ukakauza kuti kakagone, kankafunsa kuti lamulolo analemba ndani. Ukakamana shuga, kankaitana mboni. N'chifukwa chake onse ankakatchula kuti Loya. Kankabisa nsapato za amalume ake m'dengu la zidutswa za nsalu kuti asapite kumowa, ndipo akakafunsa kankayankha maso ali gwa kuti, "Nsapato zanu zatopa, amalume. Zikupuma." A Mphuno ankavomera kuti kanyumba ka kuseri kwa chipatala kanawathandiza, koma ankati amene anawasiyitsa mowa ndi Loya. Atatha chaka osalawa dontho, Sisitala wamkulu wa pamalopo anawapatsa tsache. Patapita zaka ziwiri anawatumiza kukosi ya uphungu, ndipo pobwera anapeza tebulo, mpando ndi mulu wa mafomu zikuwadikira.

Fomuyo inali ndi mabokosi asanu: mowa, chamba, mapilisi, guluu, ndi kabokosi kakang'ono pansi penipeni kolembedwa kuti "zina." Lachiwiri lililonse masana ankasanja mipando mozungulira m'chipinda chachikulu, achinyamata n'kumasimbirana za chibaba chawo. Ambiri ankabwereranso kumatope, ena ankachira, ndipo ochirawo akakumana ndi a Mphuno mumsewu ankatsika panjinga kuti awapatse moni wa manja awiri.

Kenako kunayamba kumabwera makolo amtundu wina. Ankabwera akukoka mwana wamaso ofiira, wowonda, wosayankha, n'kumati sadya, sasamba, sukulu wasiya, chake ndi magemu a pafoni kapena pakompyuta. A Mphuno ankakoka mpweya, osamva kanthu. Ankayeza mkodzo, osapeza kanthu.

"Bambo, mwana wanu alibe vuto," ankatero. "Mkodzo wake ndi woyera ngati wa khanda. Mulandeni foniyo sabata imodzi, ndipo muzithokoza Mulungu."

Ankawaperekeza mpaka pakhonde akuseka, n'kubwerera kukauza Sisitala kuti makolo a masiku ano ayamba kuopa zidole.

Nthawi yonseyi Loya ankakula ndi mutu wakuthwa. Kuyambira kupulayimale mpaka kusekondale nambala wani inali yake. Atasankhidwa kupita kukoleji yophunzitsa oyeza magazi, a Mphuno anamugulira laputopu yakale koma yolimba, n'kuikulunga m'nsalu, n'kuinyamula okha pamiyendo m'basi pokamusiya kuhositelo. Pa tchuthi choyamba Loya anawakhazika pansi n'kuwafotokozera mmene timapepala tawo toyezera mkodzo timagwirira ntchito, chinthu chimene iwo anali asanafunsepo aliyense. Pa tchuthi chachiwiri ankangokhala kuchipinda, akuti akuwerenga. Chachitatu sanabwere n'komwe.

Chaka chachiwiri chili pakati, mlongo wawo anawaimbira foni ali kuntchito.

"Achimwene, bwerani. Mwana wabwera ndi katundu wake yense, ndi kalata pamwamba."

Kalatayo inkati Loya sanaoneke m'kalasi miyezi iwiri ndipo mayeso sanalembe. Amake Loya anali atakhala pampando wa makina, tepi ili m'khosi, manja ali pamutu.

"Mimba alibe, ndaona ndekha. Ndiye kaya ndi zosutasutazi, ine sindikudziwa. Inu ndinu odziwa. Kamununkhizeni."

Anagogoda, osayankhidwa, n'kukankha chitseko. Dzuwa linali paliwombo koma katani inali yotseka. Loya anali pamatiresi, laputopu pamawondo, mahedifoni kumakutu, zala zikuthamanga ngati za munthu wothawa njuchi. Tsitsi linali litapotana. Pambali panali mbale ya dzana ndi kapu ya tiyi wochita kakhungu pamwamba. A Mphuno anakoka mpweya pang'onopang'ono. Anamva thukuta, masokosi, ndi chinyezi cha bulangete. Mowa ayi, chamba ayi, guluu ayi.

Atamupatsa kakapu, Loya anaseka chapansipansi.

"Mudikire mphindi zisanu, amalume, musafulumire. Mizere iwiri ndiye kuti ndilibe mlandu."

Mizere inatuluka iwiriiwiri pa timapepala tonse. A Mphuno anatuluka mtima uli m'malo.

"Mlongo, chotsani manja pamutu. Mwanayu watopa chabe ndi mabuku. Musiyeni apume, adzuka yekha."

Mawu amenewo anadya miyezi isanu ndi itatu. Loya ankatuluka m'chipinda pokhapokha popita kuchimbudzi kapena magetsi akazima. Mayi ake ankasiya chakudya pakhomo n'kudzatenga mbale itadyedwa theka. Ndalama ya intaneti ankaipeza yekha pogulitsa malupanga ndi zovala za m'gemu momwemo kwa anzake osewera nawo. A Mphuno akabwera Lamlungu ankamva mawu ake kudzera pachitseko, akulamula anthu osaoneka kuti ena apite kumanzere, ena adikire, ndipo iwo ankangoti bola akulankhula.

Chaka chimenecho likulu linatumiza katswiri wa zamaganizo kuti adzakhale nawo miyezi isanu ndi umodzi, Lachisanu lokhalokha. Anali mtsikana wamagalasi, wolankhula mofatsa, woyenda ndi botolo lake la madzi. Lachisanu lachitatu anasonkhanitsa ogwira ntchito onse anayi n'kugawa pepala limodzilimodzi.

"Si aliyense wosewera magemu amene akudwala," anatero Katswiri. "Ambiri amasewera, n'kudzuka, n'kupita kusukulu. Koma alipo ena amene amakodwa, ndipo mkodzo sungakuuzeni. Muziwafunsa mafunso asanu ndi anayi awa. Akavomera asanu, ndipo zatha chaka zili choncho, musamubweze."

Anayamba kuwerenga. Kodi amangoganiza za gemu ngakhale pamene sakusewera? Kodi akamulanda amapsa mtima kapena kusowa mtendere? Kodi maola akunka nachuluka? Kodi anayesapo kusiya n'kulephera? Kodi anataya zimene ankazikonda kale? A Mphuno ankapinda zala kunsi kwa tebulo. Dzanja limodzi linatha. Kodi amanamiza a pakhomo za nthawi imene amasewera? Kodi amasewera pothawa chisoni? Kodi sukulu kapena ntchito inamuthera chifukwa cha zimenezi? Atafika pa chala chachisanu ndi chitatu anadzuka osapempha, n'kupita pampope wa panja. Anatsegula madzi, osasamba, osamwa, akungowayang'ana. Mafunso onsewo ankawadziwa. Anali awo omwe, a nthawi ya galimoto ya buledi, kungochotsapo botolo. Akulu ankati tsoka silinunkha, ndipo iwo mwambiwo ankaunena kwa ena kawirikawiri akuseka.

Anthu atabalalika, a Mphuno anabwerera kwa Katswiri.

"Nanga mankhwala ake?"

"Pilisi palibe," anatero Katswiri. "Ndi kucheza naye, kuchepetsa maola pang'onopang'ono, ndi kupeza chimene akuthawa."

"Ife kuno timati ngakhale dontho."

"Foni si botolo, a Mphuno. Munthu atha kufa wokalamba osalowa m'bala. Koma mungamuuze mwana wa lero kuti asadzagwirenso foni? Adzafunsira bwanji ntchito? Ndipo chonde, musamulande mwadzidzidzi."

Lamlungu lotsatira a Mphuno anadikira mpaka magetsi atazima ndipo batire la laputopu litatha. Analowa n'kukhala pansi, msana kuchitseko, pepala lija m'manja. Anawerenga mafunso onse. Loya anamvetsera mpaka kumapeto, akukanda chigongono.

"Mwatha, amalume? Ndifunse nanenso. Inu mukamwa munkagwetsa mipanda. Ine ndagwetsa chiyani?"

"Sukulu."

"Sukulu inagwa yokha."

"Inagwa bwanji yokha, mwana iwe?"

Loya analankhula akuyang'ana khoma.

"Kuno ndinali nambala wani. Kukoleji kuja mayeso oyamba ndinali wachitatu kuchokera kumunsi. Achiwiri chimodzimodzi. Ndikawerenga sizinkalowa. Ndikanauza ndani? Inu, amene munanyamula laputopu pamiyendo? Amayi, amene anauza makasitomala onse kuti mwana wawo ndi dokotala? M'gemu muja ndimatsogolera anthu makumi atatu, ena ali kumaiko amene simunawamvepo. Ndikachedwa mphindi khumi, onse amafunsa kuti ndili kuti. Kukoleji ndinasowa miyezi iwiri, palibe anagogoda."

"Amenewo sakudziwa ngakhale nkhope yako."

"N'chifukwa chake ndimawakonda."

A Mphuno anali atagonjetsapo zidakwa zolusa ndi anyamata a mipeni m'masokosi, koma apa anagonja ndi iwo. Anatuluka n'kufotokozera mlongo wawo zonse, n'kumutsindika kuti asamulande.

Amake Loya anapirira masiku anayi. Lachinayi m'mawa, Loya ali kuchimbudzi, analowa m'chipinda, n'kunyamula laputopu, n'kuitsekera m'kabati yosungiramo madiresi a makasitomala. Kiyi anamuika m'kamisolo. Loya anayamba ndi kupempha. Anagwada, anati gulu lake lili pakati pa nkhondo, ampatse ola limodzi lokha. Analonjeza kusamba, kutsuka mbale, chilichonse. Mayi ake anangopitiriza kuponda makina. Kenako Loya anatola sizasi yaikulu yodulira nsalu n'kuilowetsa pampata wa chitseko cha kabati. Mayi ake anadumpha kudzagwira, iye anakoka, ndipo sizasiyo inang'amba chikhatho cha dzanja lamanja la mayi akewo kuchokera pa chala chachikulu mpaka pamkono. Magazi anadonthera pa diresi loyera la mwana wa kasitomala lomwe linali pamakina.

A Mphuno anawapeza kuchipatala. Mlongo wawo anali atasokedwa kasanu ndi kawiri. Loya anali pabenchi ya panja, wopanda nsapato, maso akuphethira chifukwa cha dzuwa.

"Amalume," anatero, "ndipititseni kwanu kuja."

M'mawa mwake Sisitala anatenga fomu n'kuyang'ana a Mphuno pamwamba pa magalasi.

"Ndichonge bokosi liti?"

"Zina."

"A 'zina' sitiwagoneka, mukudziwa. Mabedi anayi aja ndi a onjenjemera ndi mowa. Komanso inu simungamulangize, ndi mwana wanu. Lachisanu azionana ndi Katswiri. Lachiwiri azilowa pagulu ngati ena onse."

Pagulupo panali anyamata khumi ndi mmodzi, mtsikana anali Loya yekha. Atazungulira onse kunena chowavuta, wina wamilomo yopsa ndi ndudu anamuyang'ana.

"Nanga achemwali, inu mumasuta chiyani?"

"Sindisuta. Ndi magemu."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko.

"Ndiye mukaledzera mumasanza mabatani?"

"Ife tikufa kuno, ena agwidwa ndi tizidole!"

A Mphuno anamenya tebulo, chinthu chimene anali asanachitepo, koma madzi anali atatayika kale. Loya anakhala mpaka kumapeto, mutu uli pansi. Lachiwiri lotsatira anakana kwamtuwagalu, ndipo iwo sanamukakamize.

Koma kwa Katswiri ankapita. Ankakhala m'kachipinda ka pakona ola lathunthu, ndipo nthawi zina ankatuluka maso atatupa. Anagwirizana kuti laputopu izikhala mudirowa ya a Mphuno kuntchito. Akaweruka ankapita nayo kwa mlongo wawo, Loya n'kusewera maola atatu, iwo atakhala pabalaza akuyang'ana wotchi, kenako n'kubwerera nayo. Patapita masabata atatu maolawo anakhala awiri. Masabata oyambawo anali owawa. Loya ankazungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, ankatukwana, tsiku lina anaswa kapu. A Mphuno ankamudziwa munthu wotere, ndipo ankadziwa kuti sayankhidwa. Ankangoti, "Vala nsapato, tiye." Ankayenda naye kuzungulira bwalo la mpira kawiri, kudutsa pa okonza njinga, kukathera kushopu ya ulusi ndi mabatani.

Dzanja la mayi ake linapola koma zala ziwiri zinauma, sizinkapindika bwino. Loya anayamba kuwadulira nsalu ndi kupinda m'mphepete mwa masiketi. Anameta tsitsi lopotana lija. Masaya anabwerera. Tsiku lina m'minibasi kondakitala anafuna kuwapanikiza asanu pampando wa anthu anayi, ndipo Loya anamufunsa kuti lamulolo analemba ndani. Anatsutsana naye mpaka basi yonse inamuombera m'manja. A Mphuno anatembenukira pawindo kuti anthu asaone maso awo.

Miyezi isanu inatha choncho. Kenako miyezi ya Katswiri inakwana, ndipo anamutumiza kuchipatala china chakutali. Anasiya faelo yobiriwira, nambala yake ya foni, ndi lonjezo la likulu lakuti kubwera wina. Winayo sanabwere. A Mphuno anaimbapo kawiri, koma mtsikanayo anali ndi odwala ake atsopano odzaza khonde, ndipo ankayankha akuthamanga.

Mwezi womwewo koleji inavomera kuti Loya abwereze chaka. Inati asanabwerere amalize kaye maphunziro atatu a pa intaneti, amene ankachitika m'mawa, nthawi imene a Mphuno amakhala kuntchito. Anaganiza masiku awiri. Anafunsa Sisitala ngati Loya angamaphunzirire muofesi mwawo, koma ofesiyo inali yomweyo yolandiriramo odwala. Anaganiza zomakhala naye pakhomo, koma masiku awo a tchuthi anali atatha kale ndi zoyendayenda za kuchipatala.

"Ndikhulupirireni, amalume," anatero Loya. "Gemu ndaichotsa. Onani nokha."

Anaona. Pamene panali kachithunzi ka lupanga panali mbee. Anasiya laputopuyo patebulo la pabalaza, n'kuuza mlongo wawo kuti chitseko cha kuchipinda chizikhala chotsegula.

Masiku khumi ndi awiri zinayenda. Loya ankalemba manotsi m'kope latsopano, madzulo n'kumawauza za maselo a m'magazi. Tsiku la khumi ndi chitatu mnzake wina wa m'gemu anamutumizira uthenga pafoni kuti chichokereni iye gulu likungogonja, anthu akubalalika, abwere kamodzi kokha adzawakonzere mapulani. Izi a Mphuno anadzazimva pambuyo pake. Chimene anamva tsikulo ndi mawu a mlongo wawo pafoni, otsika, opanda misozi.

"Achimwene, katani yatsekedwanso."

A Mphuno anayesa kuyambiranso. Anabwera ndi pepala la maola, Loya analilandira mwaulemu n'kuikapo kapu. Anamuuza kuti avale nsapato, iye anati mawa. Anafuna kutenga laputopu, koma mlongo wawo anaimirira pakhomo n'kuwaonetsa chikhatho.

"Dzanja latsala limodzi, achimwene. Ndisoke ndi chiyani?"

Tsiku lobwerera kukoleji linafika n'kudutsa. Palibe analitchula.

Kuntchito a Mphuno analemba makalata atatu opita kulikulu, opempha kuti fomu ikhale ndi bokosi la magemu, kuti kubwere katswiri wokhazikika, ndi kuti ana oterewa akhale ndi tsiku lawolawo. Yankho linabwera limodzi, la mizere iwiri, lakuti nkhaniyo ikuunikidwa. Anayesa okha kuyambitsa gulu la Lachinayi. Sabata yoyamba kunabwera makolo asanu ndi mwana mmodzi. Yachiwiri makolo atatu okha. Mwana wa chamba amabwera naye apolisi kapena ahedi, koma wa magemu salakwira aliyense kunja kwa mpanda wa kwawo, ndiye palibe womukoka.

Kenako anachita chinthu chimene Sisitala anawaletsa. Anatsegula mabuku akale olembamo obwera, n'kufufuza maina a makolo onse amene anawabweza akuseka. Anapeza khumi ndi anayi. Ambiri manambala awo sankagwiranso. Mmodzi, bambo wokonza mafiriji, ankakhala pafupi, ndipo a Mphuno anapita wapansi Loweruka masana. Bamboyo anatsegula geti theka, sipanala ili m'manja.

"Ndakukumbukirani," anatero. "Ndinu munati tizithokoza Mulungu."

"Ndinalakwa, bambo. Ndabwera kudzafunsa za mwana uja."

"Foni tinamulanda, monga munanenera. Anaba ya amayi ake. Tinamumenya. Anachoka. Chaka chachinayi chino." Anayang'ana pepala lomwe a Mphuno anatulutsa m'thumba. "Chimenecho n'chiyani?"

"Mafunso othandiza kudziwa ngati mwana wakodwa."

"Ife tinkadziwa kale. Amene simunkadziwa ndinu."

Geti linatsekedwa. Kwa otsalawo sanapiteko.

Zaka ziwiri zotsala asanapume pantchito, a Mphuno anagwirabe ntchito mokhulupirika. Makolo a ana a magemu ankachulukirachulukira, ndipo tsopano sankabweza aliyense. Ankawakhazika pansi, n'kufunsa mafunso asanu ndi anayi aja, amene anali atawaloweza pamtima. Makolo ankagwedeza mutu pa funso lililonse, nkhope zikuwala poona kuti pomaliza apeza munthu wodziwa matendawo. Akatha ankafunsa kuti, "Ndiye titani?" A Mphuno ankawauza zochepetsa maola, zoyenda naye mwana, zosamulanda mwadzidzidzi, n'kuchonga kabokosi ka "zina." Ankadziwa kuti akuwapatsa ambulera ya pepala. Mwa onsewo amene anamva kuti anabwerera kusukulu ndi mmodzi.

Atakwanitsa zaka zopumira, anzawo anawagulira wotchi ya pakhoma ndi keke. Tebulo lawo analipereka kwa namwino wachinyamata, ndipo faelo yobiriwira ija inapita pamwamba pa kabati limodzi ndi makalendala akale.

Tsopano masiku onse anali awo, koma Loya anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri ndipo anali atatha chaka osadutsa geti. Anzake a kukoleji anali atayamba ntchito m'malabu. Mmodzi anabwerapo kudzamuona atavala gauni yoyera, Loya anakana kutuluka. Makasitomala a mayi ake anali atachepa, chifukwa misoko siinkawongokanso ngati kale. Pakhomopo panalibenso kukangana. Mbale inkapita, mbale inkabwera.

Lamlungu lina masana a Mphuno anagogoda n'kulowa osanyamula pepala lililonse.

"Ndiphunzitse," anatero.

Loya anatsitsa hedifoni imodzi.

"Chiyani?"

"Gemu yakoyo. Ndione kumene umakhalako."

Anawayang'ana ngati akufufuza msampha, kenako anasendera n'kuwasiyira malo pamatiresi. Mawondo awo analira pokhala. Anawapangira kamunthu kawo, n'kuwafunsa ngati akufuna ndevu. Iwo anati inde, ndi chipewa. Anawaonetsa batani loyendera, lodumphira ndi lomenyera. Dzikolo linali lokongola kuposa mmene ankaganizira. Munali mapiri abuluu, milatho yolenjekeka, ndi mbalame zazikulu zodutsa pamwamba pa mitengo. Kamunthu ka ndevu kanayenda molunjika n'kukagunda khoma, n'kumapondabe pomwepo.

"Amalume, mpanda winanso?"

Anaseka onse awiri. Loya anaseka mpaka kugwira pamimba, chiseko chake chakale chotsekera maso, ndipo pabalaza makina osokera anaima. Anawagwira chala n'kuchiika pabatani loyenera. Dzanja lake linali lozizira, lopepuka ngati la nkhalamba. Kamunthu kaja kanatembenuka, kanawoloka mlatho, kanakumana ndi chinyama chonga galu, n'kufa nthawi yomweyo. Anakadzutsa. Kanafanso.

"Mukuchedwa kudina. Musaganize, ingodinani."

Kenako pakona pa sikirini panayamba kuthwanima timauthenga, kamodzi, kawiri, kenako tambirimbiri. Loya anatiyang'ana, n'kuyang'ana amalume ake.

"Mphindi zisanu zokha. Akundidikira."

Anakokera laputopu pamawondo ake n'kubwezera hedifoni. Nkhope inasintha, msana unawongoka, mawu anakhala a munthu wolamula. A Mphuno anakhala pomwepo, phewa lawo likukhudza lake. Anamuona akutsogolera anthu ake kuwoloka chigwa, akudzudzula wina, akutonthoza wina amene analakwitsa, ndipo anaona kuti mwanayo ntchitoyo ankaidziwadi. Ola linatha. Mwendo unachita dzanzi. Anadzuka pogwira khoma, anatola mbale ndi makapu awiri, n'kutuluka. Loya sanacheuke.

Pabalaza mlongo wawo anali akulimbana ndi ulusi, zala zouma zija zikulephera kuulowetsa pa singano.

"Ndinamva akuseka," anatero osadzutsa mutu. "Wati chiyani?"

"Wati ndikuchedwa kudina."

"Basi?"

"Basi."

A Mphuno anaika mbale pansi, n'kutenga ulusiwo, n'kuunyowetsa ndi malovu. Maso awonso anali atayamba kuchita chidima, ndipo anaphonya katatu asanalowetse. Mlongo wawo anakoka siketi ya sukulu ya mwana wa eni ake, anaiyala pansi pa singano, n'kuyamba kuponda.